Lekani kutiuza kuti tilimbe chabe

Mnzathu wina wa ku Matero anakhala pa nyumba zaka zitatu atatsiliza koleji. Chaka chatha anapeza nchito mu shopu ya zitsulo mu tauni. Tonse tinakondwela, ndipo amai ake anapha nkhuku. Pa tsiku lachinayi la nchito, ali mu minibasi pa Lumumba Road, mtima wake unayamba kugunda monga ufuna kutuluka m'chifuwa. Manja anachita dzanzi, pakamwa panauma, mpweya unayamba kupelewela. Anakuwila kondakitala kuti aimitse basi, anaseluka, n'kukhala pansi m'mbali mwa msewu. Kenako anatumila mlongosi wake meseji yakuti, "Ine nikufa, uuze amai."

Ku kiliniki anamupima BP, anamulasa chala kuti aone malungo, anamvetsela pachifuwa. Zonse zinali bwino. Anamupatsa mapilisi a mutu na mawu awili: "Mulibe matenda." Atafika kunyumba, atate ake anati, "Iwe ndiwe mwamuna, limba. Ise tinavutika kuposa apa." Atate ake aakazi anati pali wina wa m'banja amene wachita nsanje na nchitoyo, ndipo afunika kupita kwa mneneli. Ife anzake tinachita choipa kuposa onse. Tinaseka, n'kumuuza kuti tizamulipilila takisi yopita ku Chainama. Patapita milungu itatu analeka nchito, chifukwa akangoona minibasi thupi lonse linali kunjenjemela.

Nchito imene anaiyembekezela zaka zitatu inatha chifukwa cha vuto limene lili na dzina, lodziwika bwino m'zachipatala, komanso lochilitsika. Anthu onse amene anamuzungulila, kuphatikizapo ife, tinamupatsa mayankho olakwika. Tikulemba izi chifukwa tatopa na mayankho amenewo, ndipo tidziwa kuti mu Kanyama, Chawama, Mtendere, Kapata ku Chipata na m'mahositelo a pa UNZA muli ambili amene akuwamva lelo.

Tiyambe na zimene zimachitika m'thupi, chifukwa apa m'pamene mabodza amayambila. Ubongo ukaona ngozi, kambali kake kochedwa amygdala kamachenjeza thupi lonse. Tiziwalo tuwili tokhala pamwamba pa impso timatulutsa adrenaline na cortisol. Mtima umathamanga kuti upope magazi ambili ku miyendo na manja. Kupuma kumafulumila. Kugaya chakudya kumayamba kwaima, ndiye chifukwa chake m'mimba mumapota, mseru umabwela, ena amatsegula m'mimba. Minofu ya m'khosi, m'mapewa na m'chifuwa imakungika, mutu n'kuyamba kuwawa. Munthu akapuma mofulumila kwambili amataya carbon dioxide wambili, ndipo izi n'zimene zimabweletsa chizungulile na dzanzi ku zala na ku milomo. Zonsezi zinapangidwa kuti tithawe galu wolusa kapena kawalala. Vuto ni lakuti ubongo susiyanitsa bwino galu na meseji ya alandilodi. Kwa iwo zonse ni ngozi.

Zikabwela mwadzidzidzi komanso mwamphamvu monga zinachitikila mnzathu, madokotala amati ni panic attack. Nthawi zambili imafika pachimake m'maminetsi ngati 10, kenako imayamba kutsika. Payokha siipha munthu, koma amene ali mkati mwake amakhulupilila na mtima wonse kuti akufa. Kwa ena sizibwela mwa mkokomo. Zimabwela pang'onopang'ono: tulo kusowa milungu yathunthu, njala kutha, kutopa m'mawa usanagwile chilichonse, chinthu chokhala pakhosi monga nsima yosamezeka, kukwiya msanga. Palibe chongopeka pa zimenezi. Thukuta limenelo ni lenileni, ndipo kugunda kwa mtimako mungakuwelenge na wochi.

Nanga n'chifukwa chiyani zimakonda kugwila munthu pa nthawi ya kusintha? Chifukwa chakudya cha nkhawa ni kusadziwa za mawa. Ganizilani zaka zimene tili nazo ise. Kuyembekezela malizauti a Giledi 12. Kuchoka ku Petauke kapena ku Katete kubwela kukakhala kwa amalume ku Lusaka, kumene umagona pa sitingi rumu n'kumamva anthu akuwelenga magawo a ndiwo. Kudikila ngati dzina lituluke pa loni ya HELSB. Kutsiliza maphunzilo n'kumayenda na envulopu ya khaki ofesi na ofesi. Mimba yosakonzekela. Chibwenzi kutha. Malilo a kholo limene linali kulipila zonse. Olo zinthu zabwino, monga nchito yatsopano, ukwati kapena mwana woyamba, zimagwedeza munthu, chifukwa manje pali chinthu chimene angataye.

Onjezelani zimene dziko lonse lapitamo. COVID-19 inatseka masukulu na mabizinesi mu 2020. Kolela inachititsa kuti Heroes Stadium isanduke chipatala ndipo masukulu anachedwa kutsegulidwa kumayambililo kwa 2024. Chilala cha chaka chomwecho chinaphwetsa madzi ku Kariba, malaiti n'kumazima pafupifupi tsiku lonse, ndipo ometa tsitsi, owotchelela zitsulo na a masaluni anakhala manja lende. Pamene boma linalemba aphunzitsi opitilila 30,000 mu 2022, amene anatsala kunja anali ambili kuposa amene analowa. Munthu wa zaka 23 amene wapita m'zonsezi akamati mtima ukuthamanga usiku, sitifunika kufunafuna mfiti. Zifukwa zili poyela.

Yankho loyamba limene tikukana ni lakuti "limba chabe." Tidziwa kuti makolo athu anavutika. Ambili a iwo anaona migodi na makampani a boma akugulitsidwa m'zaka za m'ma 1990, anachotsedwa nchito, anaika m'manda abale awo ambili pa nthawi imene Edzi inalibe mankhwala. Sitikupeputsa zimenezo. Koma tiyeni tikambe zoona pa za kulimba kumeneko. Tinakulila m'nyumba zimenezo, ndipo tinaona atate olimba amene sanali kugona popanda botolo. Tinaona amai olimba amene anali kumanga chitambala mwamphamvu pamutu tsiku lililonse n'kumati ni "mutu chabe." Tinaona amalume olimba amene sanali kukamba na munthu mwezi wathunthu. Iwo sanapulumuke nkhawa. Anaisenza mwakachetechete chifukwa panalibe wowauza dzina lake, ndipo ise ana tinalipilako mtengo wake.

Kuuza munthu amene mtima ukugunda kwambili kuti alimbe kuli monga kuuza wodwala malungo kuti aleke kunjenjemela. Choipa kwambili n'chakuti mawu amenewa amawonjezela katundu wachiwili pamwamba pa woyamba. Poyamba anali kuopa minibasi. Manje akuopanso kuti ni wofooka, kuti si mwamuna weniweni, kuti akuchititsa banja manyazi. Ndiye amatseka pakamwa. Anyamata ni amene timawapanikiza kwambili na mawu amenewa, kenako tikamva kuti wina wadzipha timaima pa malilo n'kumafunsana kuti, "Nanga sanakambe bwanji?" Anakamba. Tinamuuza kuti alimbe.

Yankho lachiwili ni la mfiti na ziwanda. Apa timvetsetsane bwino. Ambili a ise timapemphela, ndipo tidziwa kuti kwaya, pemphelo na kuchezeledwa na a mumpingo zimakhazika mtima pansi. Alipo abusa na ansembe amene amamvetsela munthu, kupemphela naye, kenako n'kumuuza kuti apitenso ku chipatala. Amenewo tiwalemekeza. Amene tikutsutsa ni aja amene apanga malonda pa mantha athu. Mtsikana akawauza kuti amamva chinthu chikumukanikiza pachifuwa usiku, amamuuza kuti ni mwamuna wauzimu, n'kumugulitsa madzi na mafuta. Mnyamata akati manja amachita dzanzi, amamuuza kuti ambuye ake a kumudzi amumanga.

Onani zimene yankho limeneli limachita kwa munthu amene vuto lake ni mantha. Anabwela akuopa mayeso, akubwelela akuopa agogo ake. Anabwela na ndalama ya lendi, akubwelela na kabotolo. Amauzidwa kusala kudya masiku angapo na kuchezela usiku wonse, pamene njala na kusowa tulo n'zimene zimakulitsa zizindikilo zomwezo. Zikakula, amamuuza kuti chiwanda chikulimbana, abwelenso na chopeleka china. Kumudzi nako nkhalamba yosalakwa imayamba kulozedwa chala. Tiitchule nkhaniyi na dzina lake: uku ni kudyela anthu odwala masuku pamutu.

Yankho lachitatu ni la ku kiliniki: "Mulibe matenda." Timvetsa kuti nesi amene ali na mzele wa anthu ofika panja sangakhale na munthu mmodzi ola lathunthu. Koma kusiyana kwa "mulibe matenda" na "mtima wanu uli bwino, zimene mwamva zimachedwa panic attack, zimachitika motele, ndipo thandizo lilipo" ni maminetsi awili chabe. Maminetsi awili amenewo akanasunga nchito ya mnzathu. Munthu wouzidwa kuti alibe matenda pamene thupi likumuuza zina amaganiza kuti makina alakwitsa. Amapita ku kiliniki ina, kenako ku ina yolipila, kupimitsa magazi mobwelezabweleza mpaka ndalama zonse kutha.

Apa boma nalo lili na mlandu woyankha. Mu 2019 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa Mental Health Act, m'malo mwa lamulo lakale la nthawi ya atsamunda limene linali kutchula odwala na mayina onyoza. Chimenecho chinali chinthu chabwino. Koma lamulo la pa pepala silimvetsela munthu. Madokotala a matenda a maganizo akali ochepa kwambili m'dziko lino, ndipo ambili ali mu Lusaka. Sitikupempha zosatheka. Anansi athu ku Zimbabwe anationetsa njila. Dokotala Dixon Chibanda anayambitsa Friendship Bench ku Harare, kumene agogo aakazi ophunzitsidwa amakhala pa benchi panja pa kiliniki n'kumakambilana na anthu amene ali na vuto limene m'Chishona amati kufungisisa, kutanthauza kuganiza kwambili. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2016 anaonetsa kuti njilayi imathandizadi. Ngati benchi na agogo zinakwanitsa ku Mbare, n'chiyani chingaletse ku George kapena ku Chipulukusu? Tili na achinyamata ambili amene anaphunzila uphungu na zaumoyo koma ali pa nyumba. Aphungu athu a ku Nyumba ya Malamulo akabwela kudzapempha mavoti, tiwafunse kuti pa ndalama za CDF ni zingati zapita ku nkhani imeneyi.

Manje tibwele kwa ise eni ake, chifukwa chala chimodzi chikaloza kutsogolo zina zimaloza mwini. Chainama ni chipatala. Chili pa Great East Road kuyambila mu 1962, ndipo muli anthu amene amagwila nchito yochilitsa. Ise tinasandutsa dzinalo kukhala chitonzo. Mwana wa Giledi 3 amadziwa kale kunena mnzake kuti "wa ku Chainama." Ndiye tidabwa chiyani ngati munthu asankha kuvutika zaka zisanu m'malo moonedwa pa geti imeneyo? Palibe amene amaseka munthu wopita ku UTH na mwendo wothyoka. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Mankhwala amene timapatsana nawonso ni oipa. Mnzathu akati maganizo amuchulukila, timamugulila mowa. Mowa umagonetsa mantha usiku umodzi, m'mawa amauka aakulu kuposa dzulo. Ena timawapatsa chamba, chimene kwa anthu ambili chimathamangitsa mtima na kukulitsa mantha. Pa nthawi ya mayeso timamwa zakumwa zopatsa mphamvu zitatu usiku umodzi, osadziwa kuti caffeine wochuluka amabweletsa kunjenjemela na kugunda kwa mtima kofanana ndendende na nkhawa. Mapilisi ena a mutu a pa kantemba alinso na caffeine. Ena amagula mapilisi ogonetsa monga diazepam popanda dokotala, ndipo m'milungu yochepa thupi limazolowela moti sangagone popanda iwo. Ena amathawila ku kubecha pa foni, kumene mtima umakwela na kutsika na mpila uliwonse, ndalama ya lendi n'kupita.

Ena adzati achinyamata a masiku ano chilichonse akuti ni nkhawa, ni mawu a pa TikTok. Pali kachoonadi pamenepa. Kuchita mantha usanalowe mu intavyu ni chibadwa, ndipo kumathandiza munthu kukonzekela. Sikuti kudandaula kulikonse ni matenda. Malile ali apa: ngati zapitilila milungu yambili, zikukulanda tulo, zikukuletsa kupita ku sukulu, ku nchito kapena pakati pa anthu, ndiye kuti zafika pofuna thandizo. Koma zakuti ni matenda a azungu kapena a ana a ku Kabulonga, zimenezo ni bodza. Bungwe la WHO linawelengela kuti mu 2019 anthu 301 miliyoni pa dziko lonse anali na matenda a nkhawa, ndipo mwa anthu anayi alionse ofunika thandizo, pafupifupi mmodzi yekha ni amene amalilandila. Makolo athu anali nawo mawu ake kalekale: kuganiza kwambili, mtima kuthamanga, mtima kukhala m'mwamba. Chachilendo ni dzina la Chingelezi chabe.

Tikanenso bodza la mbali inayo, lakuti chilichonse cha pachifuwa ni maganizo. Kuchepa kwa magazi, malungo, chithokomilo chogwila nchito mopitilila, mphumu, shuga wotsika na matenda enieni a mtima zingabweletse zizindikilo zofanana. Choncho koyamba kapimitseni. Ngati kupweteka kwa pachifuwa kukufalikila ku dzanja kapena ku nsagwada, ngati munthu wakomoka, kapena ngati zabwela pogwila nchito yolemetsa, thamangilani ku chipatala nthawi yomweyo. Koma akakupimani n'kupeza kuti zonse zili bwino, musachoke na mapilisi a mutu okha. Funsani kuti, "A sista, kodi izi zingakhale nkhawa? Ningaonane na ndani?" Muli na ufulu wofunsa funso limenelo.

Nanga pa nthawi imene zagwila, tichite chiyani? Khalani pansi. Kokani mpweya na mphuno pang'onopang'ono mukuwelenga mpaka 4, mimba ifufume, kenako tulutsani mukuwelenga mpaka 6. Kutulutsa mpweya mochedwa n'kumene kumauza mtima kuti utsike. Dziuzeni kuti izi zinabwelapo ndipo zinatha. Yang'anani zinthu zokuzungulilani n'kuzitchula mayina, mapazi ali pansi. Ngati ni mnzanu amene zamugwila, musamuunjikile, musamuthile madzi, musayambe kukuwa. Khalani pambali pake, pumani naye, kambani motsitsa mawu. Ndipo foni ikhale m'thumba. Munthu amene akuvutika si vidiyo ya pa WhatsApp.

Pa masiku ena onse, zothandiza n'zosavuta kuzitchula olo kuti n'zovuta kuzisunga. Kugona na kuuka pa nthawi imodzimodzi. Kudya m'mawa, olo ni kandolo na tiyi. Kuyenda mwandawala kapena kumenya bola. Kuchepetsa khofi na zakumwa za caffeine. Kulemba pa pepala zimene zikukuvutitsani, n'kusiyanitsa zimene mungachitepo kanthu mawa na zimene zili kunja kwa manja anu. Chachikulu koposa ni kusathawa. Nkhawa imakula ikathawidwa. Ukaleka kukwela minibasi lelo umamva bwino, koma ubongo umaphunzila kuti minibasi inalidi ngozi, ndipo mawa udzaopanso msika na tchalitchi. Aphungu amaphunzitsa kubwelela pang'onopang'ono ku chinthu chimene ukuopa. Njila yochedwa CBT imachita zimenezi, ndipo pali mankhwala amene dokotala angalembe zikavuta. Amene alibe poyambila angatume foni kwaulele ku Lifeline pa 933, ndipo ana angatume pa 116. Ngati maganizo odzipha abwela, uzani munthu lelo lomwe.

Tidziwa kuti kupuma mowelenga sikulipila lendi. Tilibe chipiliro na aja a pa Instagram amene amauza munthu wa mu komboni kuti apite ku holide akapumule maganizo. Ulova, mitengo ya unga na nyumba za chipinda chimodzi zokhala anthu 7 ni mbali ya matendawa, ndipo tidzapitiliza kukuwa za zimenezo. Koma munthu amene sagona sangalembe kalata yabwino yofunsila nchito, ndipo amene sangakwele basi sangafike pa intavyu. Kusamalila thupi na maganizo ni mbali ya nkhondo yomweyo.

Mnzathu wa ku Matero anathandizidwa na mlongosi wake, amene anakana kuvomela mayankho atatu aja n'kumupelekeza kwa mphungu. Anayamba na kukwela basi sitopu imodzi, mlongosi ali pambali. Kenako masitopu awili. Lelo amafika mu tauni yekha. Nchito ija anapatsa wina, ndipo akali kufunafuna ina. Ise amene tinaseka tinapita kukapepesa, ndipo pamene tinali kukamba, awili mwa ise anaulula kuti nawonso zimawachitikila, mmodzi kuyambila pamene atate ake anamwalila. Tinakhala pa gulu limodzi zaka zonsezi, aliyense akubisa chinthu chimodzimodzi.

Choncho kwa atate, amai, abusa, a nesi na kwa ise tonse: wachinyamata akakuuzani kuti mtima ukuthamanga ndipo sakugona, mufunseni kuti zinayamba liti, ndipo n'chiyani chasintha pa umoyo wake. Mvetselani yankho mpaka atsilize. Kenako nyamukani mupite naye kumene angathandizidwe.